Dzanja Lamanzere m'Kalasi la Mayi Zipora

Mayi Zipora anatiphunzitsa Sitandade 2 pansi pa mkuyu, kusukulu ina ya mpingo kufupi ndi Nathenje, zaka zija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi lachipani. Anali aafupi, a mawu akulu, ndipo kosi ya uphunzitsi sanapiteko. Ankangogwirizira. Woyendera sukulu akanalemba zoipa za iwo, basi, akanabwerera kukapalira fodya kwawo ku Mitundu.

Uthenga utafika woti woyendera akubwera, ahedi athu a Jeremiah anatipatsa nzeru zawo zakalekale.

"Mlendo akafunsa, nonse mukweze manja. Wodziwa yankho akweze lamanja, wosadziwa akweze lamanzere. Aphunzitsi anu adziwa woti amuloze."

Tinayeserera mpaka mapewa kuwawa.

Woyenderayo, a Gilibati, anafika panjinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Mpando umene tinawabwerekera kutchalitchi sanaufune. Anakhala pamuzu pakati pathu, natifunsa okha samu yochotsera. Manja onse m'mwamba! Koma kulozako analozanso okha, ndipo chala chinagwera Asiyatu, mwana wa a Mfaume agolosale.

Asiyatu anaimirira mwaulemu. "Ine sindikudziwa, bwana. Simukuona kuti ndakweza lamanzere?"

Ahedi anayamba kutsokomola. Mayi Zipora anayang'ana pansi, choko chili m'manja. Ine ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa tinkawakonda.

A Gilibati anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenaka anati, "Amanzere nonse, bwerani kuno." Tinapita ambiri ndithu, ine ndemwe.

"Mayi, odziwawo andisangalatsa kale. Ndikufuna ndione zimene muchite ndi awa."

Mayi Zipora anavula nsapato, anakhala pansi, natituma kukathyola timitengo. Mantha anathera pomwepo, mawu awo aja anabwerera. Tinkaika timitengo pamchenga, kuchotsapo, kuwerenga totsala, kulakwa, kuyambiranso. Mlendo anaiwalika. Dzuwa likufika pamutu, Asiyatu anakuwa yankho osafunsidwa n'komwe, ndipo linali lolondola.

Mayi Zipora ntchito sinawathere. Chaka chotsatira anawatumiza kukosi, ndipo atabwerako anaphunzitsa mpaka imvi mbuu.

Ahedi analetsa za manja zija tsiku lomwelo la woyendera, mwamanyazi. Mayi Zipora anakana kuzisiya. M'kalasi mwawo mwana wosamva phunziro sankabisalanso kumsana kwa mnzake. Ankakweza lamanzere bwinobwino, ndipo iwo ankayamba ndi iyeyo.