Lachinayi Lotsanzika ku Biriwiri

Ine pakamwa panga sipapuma. Munthu akamasowa mawu ndimafuna kumumalizira, ndiye ntchito yanga yophunzitsa achinyamata kutsogolera magulu a uphungu imandizunza zedi. Lamulo lathu n'loti mphunzitsi ukapita kukaona wophunzira wako kumudzi, umakhala kumbuyo, manja pamiyendo, osalankhula ngakhale zinthu zikupotoka.

Chaka china tinatumiza mtsikana wa pakoleji pathu ku Biriwiri. Iye anasonkhanitsa amayi amene amuna awo anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni. Ankakumana Lachinayi lililonse m'kalasi ya kupulayimale ana akaweruka. Luso anali nalo: wolongolola ankamudula mwaulemu, wamanyazi ankamudikira. Koma nthawi yake yokhala kumeneko inkatha, ndipo pafoni anandiuza kuti amayiwo sakudziwa.

"Madamu, ndikuopa," anatero. "Ndingonyamuka mwakachetechete, ndidzawatumizira uthenga ndikafika."

Ha! Ndinapsa mtima. "Iwe, amayi amenewo chinawasonkhanitsa n'chiyani? Si anthu onyamuka mwakachetechete omwewo? Gulu silithawidwa, limatsanzikidwa."

Lachinayi lotsatira ndinakwera minibasi. Ndinatsika kukuwomba kamphepo kozizira kochokera m'mapiri a kumalire, n'kukadzipanikiza padesiki ya ana kumbuyo kwa kalasi. Amayi anakhala mozungulira. Mtsikana uja anayamba bwinobwino, koma ankangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira dzira. Anafunsa za mwana wodwala chifuwa. Anafunsa za kabichi amene ankawola m'dimba. Nkhani yeniyeni, ayi ndithu.

Mwendo wanga unayamba kugwedezeka wokha. Ndinatafuna cholembera, ndinavula juzi, ndinavalanso. Dzuwa linapendeka, amayi anayamba kubereka ana, wina anali atafika kale pakhomo. Ndinakhosomola dala, mtsikanayo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kudenga ngati si ine.

"Amayi, takhalani kaye pansi," anatero mtsikanayo. "Lachinayi likubwerali ndi lomaliza kwa ine. Ndikuchoka, ndikubwerera kusukulu."



"Nanunso?" anafunsa mayi wina wachitsikana, n'kutembenukira kukhoma.

Apa mawu anandidzadza m'kamwa. Ndinkafuna kuimirira ndiwauze kuti gulu ndi lawo, lipitirira, asadandaule. Ndinkaopanso kuti mwana wa eni awanamiza kuti azibwera mwezi uliwonse, poti bodza lotonthoza limatuluka msanga. Ndinaluma mlomo mpaka kuwawa.

"Sindikunamizani kuti ndizibwera," anatero mtsikana uja. Anangonena zomwezo, n'kudikira.

Amene anayankha anali mayi wina wolongolola, wogulitsa mbatata ya kachewere pamsewu, amene sabata zonse ankaseketsa anzake. Tsiku limenelo sanaseke.

"Wanga anandiuza kuti akupita kuboma kukagula feteleza," anatero. "Ndinamusungira chakudya. Mpaka lero fetelezayo sanafike."

Wina anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kuthera panjira. Mayiyo anakoka mpando wake n'kuyandikira mtsikana uja.

"Lachinayi tikuperekezani mpaka pamsewu, tikakukwezeni minibasi ndi manja athu. Koma tanenaninso."

"Ndinene chiyani, mayi?"

"Mawu aja. Akuti mukuchoka. Ndikufuna ndimve mmene amamvekera munthu akamakuuza pamaso."

Mtsikanayo anamugwira dzanja. "Mayi, ndikuchoka. Tsalani bwino."

Mayi wachitsikana uja anatembenuka kuchoka kukhoma, misozi ili mbwembwembwe. "Ndiuzeni nanenso."

Anawauza mmodzimmodzi, kuzungulira bwalo lonse, aliyense akudikira nthawi yake ngati pampopi. Ine kumbuyo kuja ndinalira, sindibisa. Mwendo unali utasiya kugwedezeka, ndipo m'kamwa mwanga munalibenso mawu oti ndimumalizire munthu.