Bokosi la a Sipoko Linagona Kwanga Masabata Atatu

Okondedwa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Dekhani pang'ono, muyang'ane pakhonde la sitolo yakale, pamene msewu wa phula umakumana ndi wa fumbi. Pamenepo pamakhala bambo a imvi, njinga ili chagada patsogolo pawo, akuzunguza limu ya gudumu ndi chala uku atatsinzina diso limodzi. Anthu amawatchula a Sipoko, pakuti palibe limu yopindika imene imawakanika. Sanaimepo kutsogolo kwa mpingo, ndipo poimba nyimbo amatsalira mzere wathunthu m'mbuyo. Komatu bambo amenewa anandilalikira ine, amene ndalalikira ena zaka makumi awiri.

Chuma chawo chonse chinali bokosi limodzi lachitsulo. M'menemo munali masipanala, pulayala, nyundo yaing'ono, pampu ndi kachitsulo komangira masipoko, zimene anazisonkhanitsa chimodzichimodzi kwa zaka makumi atatu. Akaweruka ankazipukuta ndi kansanza ka mafuta n'kuzigoneka chilichonse pamalo pake. Iwo, akazi awo ndi adzukulu atatu ankadya kuchokera m'bokosi limenelo. Ndipo monga ambiri a ntchito yawo, sankabwereketsa. Ankati, "Jekete tengani, nsapato tengani, koma sipanala ikangochoka pano imaiwala kwawo."

Lamulungu lina abusa anachokapo, guwa n'kugwera ine. Ndinasankha nkhani ya mwini chuma uja amene anafunsa Ambuye njira ya ku moyo wosatha, nauzidwa kuti akagulitse zake zonse ndi kupatsa aumphawi, koma anachoka ali wachisoni. Ndivomere pamaso panu kuti ulaliki umenewo ndinausongolera munthu mmodzi, mwini sitolo ya malata, wokhala pa benchi lakutsogolo, amene sabata yomweyo anandidutsa ndi galimoto lake mvula ikundikhuthukira. Ndinakweza mawu, ndinamenya guwa, ndinati, "Chinthu chimene sungathe kuchisiya, chimenecho ndiye mulungu wako, ndipo chidzakutsekera khomo la Kumwamba!" Nditasuzumira kutsogolo, ndinapeza mwini sitolo ali m'tulo tofa nato, kukamwa kuli yasa. Muvi wanga unamudumpha n'kukalasa benchi lakumapeto.

M'mawa mwake ndinamva odi. Anali a Sipoko, bokosi atalimanga pakaliyala.

"A Mlaliki, ndabweretsa mulungu wanga."

"Mulungu wanu uti, achimwene?"

"Uyu. Dzulo munkanena ine. Ndafufuza chinthu chimene sindingachisiye, ndapeza ndi chokhachi. Ngakhale mayi aja kunyumba amadziwa kuti iwo ndi achiwiri, woyamba ndi bokosi. Aumphawi mukuwadziwa ndinu, agawireni. Ndikagawa ndekha ndilira pagulu."

Ndinayenera kuwakhazika pansi ndi kuwafunsa chimene adzukulu adzadye. Koma mtima wanga unafufuma, pakuti aka kanali koyamba kuti munthu achite zimene ndinalalikira. Ndinasanjika manja pa bokosi, ndinapemphera pemphero lalitali, n'kulilowetsa m'nyumba.

Tsiku loyamba ndinati ndiyambe ndapempha Mulungu andionetse waumphawi woyenera. Lachiwiri ndinakumbukira kuti chitseko chathu chikukhula pansi. Lachitatu ndinamanga mabuleki a njinga yanga. Abale, ndinali ndisanagwirepo zitsulo zotere. Sipanala ya nambala 13 inkakhala m'dzanja ngati inabadwira momwemo. Kuyambira pamenepo waumphawi aliyense amene ndinamuganizira ndinamupeza ndi chilema: uyu akagulitsa n'kumwera mowa, uyo azisiya pamvula zichite dzimbiri, winayo sapemphera mokwanira. Sabata yachitatu bokosi linali kunsi kwa bedi, nditalifunditsa nsalu. Mnansi wathu atabwera kudzabwereka pulayala, ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti zipangizo sizibwereketsedwa.

Akazi anga anandiyang'ana nati, "Abambo, ngamila yokanika kulowa pa diso la singano ija yasamukira kunsi kwa bedi lathu?"

Ndinawayankha kuti zinthu zauzimu sizifuna phuma.

Masiku onsewo a Sipoko ankakhala pakhonde paja manja ali lende, akulozera makasitomala awo kwa wokonza njinga wa kutsidya kwa msewu. Anayesa zonyamula matumba pamsika, msana unawakaniza. Ine popita ku misonkhano ndinayamba kudzera njira ina.

Loweruka masana kunabwera akazi a a Sipoko. Mpando anaukana.

"Bambo Mlaliki, ndadzangofunsa. Aumphawi munawapatsa bokosi aja amakhala kuti? Ndikufuna ndikawagwadire, mwina angawalembe ntchito amuna anga. Kwathu moto sunayake masiku awiri. Bambo aja akuti apulumuka, koma adzukulu akundifunsa ngati chipulumutsocho chimaphikidwa."

"Mayi," ndinatero, "nkhani imeneyi ndikuipempherera."

Ndisanatseke pakamwa, akazi anga anatulukira akukoka bokosi, n'kuliika pakati pathu. "Nayi nkhani akuipempherera ija, amayi. Imawakonzera ndi chitseko chomwe."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo anansi anali awiri, khutu lililonse ndi wake. Ndinasenza bokosi paphewa dzuwa lili paliwombo, ndinadutsa nalo msewu wonse akazi a a Sipoko ali pambuyo panga, anthu akundipatsa moni wa ulemu umene sunandiyenere.

Nditafika ndinalitula pamapazi a a Sipoko, ndipo ndinati, "Achimwene, ndakulakwirani kawiri. Poyamba ndinalalikira ndi mkwiyo wa pa munthu wina, ndipo ndinasiya nkhani pakati. Ophunzira atafunsa kuti angapulumuke ndani, Ambuye sanatchule mtengo ayi. Anawauza kuti chosatheka kwa anthu n'chotheka kwa Mulungu. Khomo la Kumwamba siligulidwa ndi golide, siligulidwanso ndi bokosi la masipanala. Linatsegulidwa kale pamtanda, ndipo timalowa mwa chisomo. Mwini chuma uja Ambuye anamukhudza pamene panali pomangika mtima wake. Koma mtumwi wosoka mahema sanataye singano yake, anadya za manja ake n'kuthandiza nazo ofooka. Kachiwiri, chopereka chanu sichinafike kwa waumphawi aliyense. Ndinachikumbatira ine."

A Sipoko anafunsa, "Ndiye kuti Kumwamba ndikalowa nalo bokosili?"

"Lidzatsala pansi pano, monga zonse. Koma silitsegula khomo, silitsekanso."

"Nanga njala ya adzukulu anga ija?"

"Imeneyo Mulungu akafunsa ine."

Anatsegula bokosi, nayendetsa chala pa zitsulo zawo chimodzichimodzi monga mbusa amayendera nkhosa zake. Chala chinaima pamalo opanda kanthu.

"A Mlaliki, nambala 13 ili kuti?"

Okondedwa, inali m'thumba la jekete langa. Ndinali nditaiikamo m'mawa womwewo nditamanga chishalo cha njinga yanga, ndipo njira yonse ndinkaimva ikundigunda m'nthiti, koma ndinadziuza kuti mwina saizindikira. Ndinaitulutsa pamaso pa akazi awo, pa ogulitsa malasha ndi pa mayi wina amene ankadikira ndi njinga yophwa.

A Sipoko anaseka mpaka misozi. "Ine zinanditengera zaka makumi atatu kuti ndilikonde chonchi bokosili. Inu masabata atatu okha! Muli ndi mphatso, a Mlaliki."

Atapukuta m'maso anati, "Chabwino, ndilandira. Koma chimene wapereka kwa Mulungu sulanda. Bokosi ili si langanso. Ndizigwira nalo ntchito ngati wobwereka, Mwini wake akalifuna adzanena." Anakoka njinga ya mayi uja, anaigadamitsa, n'kuyamba kumata chubu nthawi yomweyo. Dzuwa lisanalowe, akazi awo anasonkha moto.

Kuyambira pamenepo, akabwera munthu amene njinga ndiyo miyendo yake koma m'thumba mulibe kanthu, a Sipoko amaikonza, akumukalipira chifukwa chosathira mafuta ku tcheni, kenako amamuuza kuti apite, Mwini bokosi walipira kale. Sanasanduke mngelo. Amang'ung'udzabe, ndipo ine ndikafika pakhonde paja amakokera bokosi pakati pa miyendo yawo. Sindiwaimba mlandu.

Mulungu amene amapatsa wofesa mbewu ndi wakudya chakudya alimbitse manja a a Sipoko, adalitse moto wa m'nyumba mwawo, ndipo pa tsiku lomaliza awalandire mwa chisomo chake chokha. Nanunso owerenga, akupatseni zokwanira tsiku lililonse, akumasuleni zala pa chimene mwafumbata, ndipo akusungeni mu mtendere wa Khristu. Amen.