Kachitsulo ka Galu wa Atate

Atate anabwera kudzakhala nafe ku Chipata maso atafa kale. Masowo anafa ndi matenda a shuga, pang'onopang'ono, kuyambira lakumanzere. Amayi atamwalira panalibenso wowaphikira kumudzi kwathu kufupi ndi Tamanda, ndiye abale tinakhala pansi n'kugwirizana kuti ndiwatenge ine, popeza ndine ndinali ndi nyumba ya mpanda ndi chimbudzi cha m'kati. Ndikuti tinagwirizana, koma zoona zake n'zakuti anangondikankhira. Galimoto itapita kukawatenga, katundu wawo yense anali sutikesi imodzi yabulauni, wailesi, ndi galu.

Galuyo ndinamuda tsiku lomwelo. Anali wamkazi, wofiirira, nthiti zowerengeka, khutu limodzi long'ambika, galu weniweni wa kumudzi amene ukamuona umayamba wafuna mwala. Dzina analibe. Atate ankangoyimba mluzu kamodzi, iye n'kudzuka kudzaima pa bondo lawo lamanja. Palibe amene anamuphunzitsa ntchito imeneyi. Anaiyamba yekha masiku amene maso ankazima aja, ndipo atate anangomumangirira chingwe cha khonje m'khosi n'kumamutsatira. Pakakhala dzenje ankaima. Njinga ikamabwera ankawakankhira kumbali ndi phewa. Mwezi usanathe m'tauni muno anali atadziwa njira ya kutchalitchi, ndi njira ya kumsika kumene kunali wosoka nsapato wina, munthu wa imvi amene atate anamuphunzitsa ali mwana. Kumeneko ankapita m'mawa uliwonse, atavala jekete ndi tayi, kukakhala pa benchi n'kumakonza Chizungu cha anthu odutsa.

Kwa amuna anga ndinkadandaula za nkhupakupa pakhonde, za ubweya pa mipando, za nthongo zimene atate ankaponya pansi pa tebulo poganiza kuti poti iwo saona, nafenso sitiona. Zonsezo zinali zoona. Koma chimene chinkandidya mumtima n'china. Ine ndine mayi wa chigwirizano, wa bulauzi yoyera, ndipo ndimagwira ntchito ya mu ofesi. Lamlungu lililonse anthu ankaona mphunzitsi wopuma akulowa pa geti la tchalitchi motsogozedwa ndi galu, mwana wawo wamkazi ali kale pa mpando wakutsogolo. Mayi wina anandifunsa uku akumwetulira ngati galuyo ndi amenenso amawachapira zovala. Ndinaseka nawo, koma mawuwo ndinapita nawo kunyumba. Galu uja ankachita zimene ine sindinkafuna kuchita, ndipo ankazichitira poyera.

Chaka chachiwiri kunabuka chiwewe m'midzi ya cha ku Mwami. Tinamva kuti mwana wina walumidwa n'kumwalira moipa kwambiri. Posakhalitsa galimoto ya chimkuzamawu inayamba kuzungulira m'makomboni kulengeza kuti galu aliyense abayidwe katemera ndi kudulidwa laisensi, ndipo nthawi yopatsidwayo ikatha, agalu oyendayenda opanda laisensi adzawomberedwa. Atate anamva ali pakhonde. Lamulo kwa iwo linali ngati belu la sukulu, likalira sufunsa chifukwa. Anandiuza kuti ndipemphe tsiku kuntchito, tipite tonse.

Tinayambira kwa madokotala a ziweto. Galu anabayidwa osalira n'komwe, tinapatsidwa khadi, n'kupita ku ofesi yolembetsa. Galuyo tinamumangirira pa mtengo panja, ine ndi atate n'kulowa. Kalaliki wake anali mtsikana waulemu. Anafunsa mtundu wa galu, atate anati wa Chichewa, iye n'kuseka. Anafunsa ngati ndi wolondera pakhomo kapena wongoweta.

"Ndi maso anga," anatero atate.

Mtsikanayo anafufuza pa fomu, n'kunena kuti mzere wotero palibe, ndiponso agalu otsogolera osaona amene iye anawamvapo amakhala ndi mapepala ochokera kumene anaphunzitsidwa. Atate anayankha kuti uyu anaphunzira payekha ngati ana ambiri anzeru amene iwo anawadziwa. Mtsikanayo anatenga cholembera n'kulemba pamanja m'munsi mwa fomuyo kuti galuyu amatsogolera mwini wake wosaona, n'kuwawerengera mokweza. Atate anamupempha kuti awerengenso kachiwiri. Kenako anadinda, n'kuwaika m'manja pepala ndi kachitsulo kakang'ono kozungulira, kokhala ndi nambala ndi kabowo.

Panja galu anayamba kuuwa, atate n'kupapasa khoma kutuluka kukamutonthoza. Anthu ali ndi chizolowezi choti nkhani yofunika sauza wosaonayo, amauza amene wabwera naye. Mtsikana uja anandiitana n'kundiuza kuti kachitsuloko n'kamene kali kofunika kuposa pepala. Anati kamangidwe m'khosi mwa galu tsiku lomwelo ndi waya wolimba, chifukwa owombera sayenda ndi buku, amangoyang'ana m'khosi ali patali. Anabwereza kawiri. Ndinati ndamva.

Tsopano muyenera kuwadziwa atate ndi sutikesi yawo. Anthu ophunzira ku mishoni a msinkhu wawo ankakhulupirira kuti chinthu chodindidwa ndi boma kapena mpingo sichigwiridwagwiridwa. M'sutikesimo munali khadi lawo la ubatizo, setifiketi ya uphunzitsi, kalata ya ukwati, malipoti athu a sukulu kuyambira kalasi yoyamba, ngakhale mendulo imene mlongo wanga anawina pa mpikisano wothamanga, imene sanaloledwe kuivala ngakhale tsiku limodzi. Chilichonse chinali m'pepala lake la pulasitiki, ndipo atate ankachidziwa ndi zala. Kiyi ankamanga pa lamba.

Titafika kunyumba anaitanitsa sutikesi ija. Anakulunga kachitsulo m'pepala la laisensi, n'kupinda bwinobwino, n'kuika pamwamba pa kalata ya ukwati. Ankaoneka wokondwa ngati kuti galuyo wakhoza mayeso. Anati chinthu cha nambala ya boma sichingamakhale m'khosi mwa galu, kugubuduzika m'fumbi, mawa ana n'kuchiba kukapangira matayala a galimoto zawo za mawaya. Dzina likalowa m'buku la boma ndiye kuti lalowa. Asanatseke anatembenukira kumene ndinali.

"Kapena ananena zina pamene ndinatuluka paja?"

"Ayi, Atate. Palibe."

Sindinaiwale. Sindinasokonezeke. Ndinaima pakhomo la chipinda chawo, mawu a mtsikana uja ali m'makutu, ndipo ndinaona bwinobwino kumene nkhaniyi ingakathere. Ndinadziuza kuti ine sindikupha chilichonse, ndikungosiya zinthu ziyende mmene zikuyendera. Masabata otsatira ndinkaona galuyo akutuluka pa geti khosi lili ndi khonje lokha, ndipo mtima wanga unkadikira ngati munthu amene watchera msampha.

Zinachitika m'mawa wina pakati pa sabata. Mayi wina wogulitsa tomato, wa kutchalitchi kwathu, anandiimbira foni kuntchito kuti ndithamangire kumsika. Atate anali ndi chizolowezi chomasula galuyo akakhala pa benchi ya wosoka nsapato, kuti naye apume. Tsikulo kunatentha, galu n'kuwoloka msewu kukamwa madzi m'ngalande. Galimoto ya owombera inamupeza kumeneko, wopanda chingwe, wopanda kachitsulo, wowonda ngati agalu ena onse a m'misewu. Wosoka nsapato anakuwa mfuti italira kale.

Nditafika, galuyo anali ataponyedwa kale kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi anzake, mwendo umodzi ukulendewera kunja. Atate anali ataima pakati pa msewu, chingwe m'manja, akulankhula Chizungu chawo cha pa nkhani zikuluzikulu, nkhope italoza kumene kunalibe munthu. Ankanena kuti galuyo ndi wolembetsedwa, nambala yake ankaidziwa pamtima, ndipo anaitchula. Anthu anali atadzaza, ogulitsa, anyamata a njinga, ndi amayi angapo ondidziwa. Mkulu wa owomberawo anali munthu wofatsa. Anavula chipewa n'kufunsa kuti ngati ndi choncho, kachitsulo kali kuti.

"Kali kunyumba, m'sutikesi," anayankha atate. "Kasungidwa bwino."

Ena anaseka. Mkulu uja sanaseke. Anafotokoza kuti malo a kachitsuloko ndi m'khosi, kuti iwo akanakaona sakanawombera, ndipo anafunsa ngati ku ofesi kuja panalibe amene anawauza. Wosoka nsapato ankadziwa kuti ndinapita nawo. Anandiyang'ana, ndipo anthu onse anatsatira maso ake.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu choposa choyamba chija. Ndinakweza mawu kuti wa kumbuyo kwenikweni amve.

"Ndinakuuzani, Atate. Ndinakuuzani kangati kuti kachitsuloko n'ka m'khosi? Koma inu za munthu simumva, chilichonse ndi m'sutikesi."

Atate anatembenuza mutu kufuna kumene mawu anga ankachokera, n'kuphonya pang'ono. Moyo wawo wonse sanamenyepo mwana wa sukulu popanda umboni, ndipo sakanayamba kutsutsa mwana wawo pagulu. Komanso masiku amenewo anali atayamba kuiwala kumene asiya mankhwala, ndipo ankadziopa okha.

"Ngati unanena," anatero, "ndiye kuti ndine sindinamve."

Amayi aja anayamba kundimvera chisoni, kunena kuti okalamba ndi ovuta, Mulungu andipatse mphamvu. Atate anapempha mtembo wa galu wawo kuti akauike okha, koma anawakaniza mwaulemu chifukwa cha matendawo, agalu onsewo ankayenera kukakwiriridwa m'dzenje limodzi. Anapempha kuti angomugwirako. Mkulu uja anati ngakhale zimenezo n'zoopsa. Galimoto inanyamuka, atate akupinda chingwe chija n'kuchiika m'thumba la jekete.

Ndinawagwira pa mkono n'kuyamba kuwakoka. Ndinkayenda mofulumira, iwo akupunthwa pa mwala uliwonse. Anandiuza motsitsa mawu kuti wosaona sakokedwa, amagwira yekha chigongono cha womutsogolera. Ndinawayankha kuti ndasiya ntchito ku ofesi, ndilibe nthawi ya maphunziro. Masana amenewo ndinakolopa khonde ndi sopo ndi madzi otentha, ndinataya mbale ya galuyo kudzala, ndipo ndinali wokondwa. Ndikanakonda kulemba kuti chikumbumtima chinandigwira tsiku lomwelo, koma ndinadya bwino ndi kugona bwino.

A kutchalitchi anawapezera ndodo yoyera. Anayeserera nayo m'kati mwa mpanda sabata yathunthu, akuwerenga mapazi mokweza. Tsiku limene anatuluka okha, anafika pa mphambano yoyamba n'kugwera m'ngalande, mwendo n'kuchekeka pa simenti. Bala la munthu wa shuga silichedwa kukula koma limachedwa kupola, ndipo lawo silinapole konse. Ine ndi amuna anga tinagula loko, n'kumakhoma geti tikamapita kuntchito. Tinkauza anthu kuti tikuwateteza. Wosoka nsapato uja anabwera kudzawaona kangapo, kenako ntchito inamuchulukira. Nthawi ina anabwera ndi kamwana ka galu m'katoni, ine ndinamubweza nako pa geti pomwepo atate osadziwa.

M'mawa uliwonse ankavalabe jekete ndi tayi, n'kukhala pakhonde, wailesi pa miyendo. Lamlungu ine ndinkalawirira chifukwa cha ntchito za chigwirizano, ndinkati ndituma wina adzawatenge. Nthawi zina ndinkatumadi. Munthu amene ankadziwika msika wonse anatha zaka ziwiri akuyenda kuchokera pa bedi kupita pakhonde ndi kubwerera. Sanadandaule. Ankandithokoza pa chakudya chilichonse, ndipo kuthokozako kunkandikwiyitsa kuposa mmene galu ankandikwiyitsira.

Kutatsala masabata ochepa kuti amwalire, Loweruka lina masana, ndinkawatsuka bala lija pakhonde. Mwendo unali utatupa mpaka m'bondo. Anandigwira paphewa, kupapasa mpaka anapeza mutu wanga, n'kunena kuti pali chinthu chimene chikuwasowetsa mtendere, ndipo safuna kupita nacho.

"Mwananga, unandiuza za kachitsulo kaja, ine osamva. Ndayesa kukumbukira tsiku limene unanena, mutu ukukana. Ndinaphetsa galu wosalakwa chifukwa cha kuuma mutu, ndiponso ndinakuchititsa manyazi pamsika paja. Undikhululukire."

Panalibe wina pakhomopo. Amuna anga anali atachoka, geti linali lokhoma. Mawu ofunika anali ochepa, ndipo ndinkawadziwa onse. Atate akanandikhululukira, ndikudziwa, mwina asanamalize n'komwe kumva. Koma ndinaganiza za nkhope yawo ikusintha, ndinaganiza kuti zaka ziwiri zonsezo azibwereza m'mutu mwawo akudziwa amene anawatsekera, ndipo ndinachita mantha. Ndinasankha kuti afe akudziimba mlandu okha kusiyana n'kuti andidziwe.

"Ndakukhululukirani, Atate," ndinatero.

Anapuma mozama, anati zikomo, ndipo ine ndinapitiriza kumanga balalo.