Aphunzitsi Amene Amasanduka Kompyuta

Pasukulu ina ya mishoni m'munsi mwa Phiri la Dedza pali aphunzitsi a masamu, bambo a imvi, amene juzi yawo ndi imodzimodzi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Chaka chino cha 1992 awasenzetsanso phunziro la kompyuta. Kompyutayo ndi imodzi, yamphatso, ndipo imangokhala yofunditsidwa nsalu poti m'kalasimo magetsi sanafike. Makolo ena amati n'kutaya nthawi, ena amati makinawo adzalanda ntchito za makalaliki. Aphunzitsiwo sakangana ndi munthu. Amangoti, "Makina alibe nzeru, amangomvera."

Ana amalemba malangizo m'makope, aphunzitsiwo n'kusanduka kompyuta, kumachita zokhazo zimene zalembedwa.

Tsiku lina Filomena wa folomu 3 zinamukwana. "Aphunzitsi, ife tikuphunzira kupalasa njinga popanda njinga."

"Lemba malangizo oti ndikatseke chitseko," anatero iwo.

Filomena analemba, n'kuwerenga mokweza: aimirire, atembenukire kukhomo, ayende. Aphunzitsi anaimirira, anatembenuka, anayenda. Anadutsa pakhomo, anatsika masitepe, n'kulowa m'munda wa mbatatesi, mvula yamawawa ikuwanyowetsa. Anzake ali pawindo kuseka, Filomena anayang'ana m'kope muja n'kuona kuti sanalembe poimira. Anawaitana, koma sanacheuke. Analemba mzere wosowawo, n'kuwathamangira kukawawerengera pakati pa mizere. Apo m'pamene anaima.

Anayang'ana nsapato zawo zamatope, kenako mtsikanayo, nkhope ili mwee.

"Njinga ija wayamba kuipalasa," anatero.