Aneba athu a tchesi ndi thewera la mwana wanga

Aneba athu, bambo achikulire amene kale ankakonza mawotchi, amasewera tchesi atamanga nsalu kumaso. Mnzawo ndiye amakhala ndi bolodi, iwo amangotchula pamtima kanthu koti kasunthe pabolodipo, kaya ndi hachi kaya mfumu, ndi poti kapite. Koma kukuwa kwake, ngati akuitana munthu ali kutali: "Hachi ilumphe! Ayi, dikirani kaye, ndinaisiya pati?" Akasokoneza amamenya tebulo n'kuyambiranso. Mawu awo ndi omwewo tsiku lililonse: "Dzulo ndinasokera msanga, lero ndasunthako." Khoma lathu ndi lopyapyala, ndiye mwana wanga akangoti wagona, hachi ija imamudzutsa.

Tsiku lina thewera lomwe ndinayanika linasowa pachingwe, mwana atanyowetsa lomaliza. Ndinakalipeza lili kumaso kwa aneba aja.

"Bambo, zoona? Nsalu zonse zili m'nyumba mwanumu, inu kusankha thewera?"

"Imeneyi ndiye yabwino, make mwana. Kuwala sikudutsa."

"Nanga osangotsinzina bwanji?"

"Ndimabera, ndimasuzumira," anatero akulimasula. "Adokotala akuti maso angawa akupita ndipo sadzabwerera. Ndikufuna mdimawo pofika udzandipeze nditazolowera kale."

Ndinatenga thewera langa, n'kuwabweretsera mpango wanga wakuda wokhuthala. Tinapangana kuti mwana akagona azinong'ona.

Mpangowo amausamala kwambiri, koma panganolo analiiwala mawa lake lomwe. Pano ndikulemba, kuseri kwa khoma hachi yasowanso, tebulo lamenyedwa, ndipo mwana wadzuka kale.