Dokotala Pyo ndi Nkhumba Yoyera

Dokotala Pyo Gye-sun anabadwira ku Hongseong, m'banja loweta nkhumba. Ali mtsikana, mliri unagwa m'makola a dera lonselo, ndipo nkhumba za bambo awo zinakwiriridwa m'dzenje limodzi, zodwala ndi zabwinobwino zomwe. Atakula anaphunzira udokotala wa ziweto. Ntchito anaipeza kwathu kuno, kunja kwa mzinda wa Cheongju, pamalo pomwe akatswiri amayesera pa nkhumba zazing'ono tizipangizo toika mumtima wa munthu. Ine ndine Ok-bun, ndimatsuka makola ndi kudyetsa nkhumbazo. Ndagwira nawo ntchito mayiwa mpaka tonse tamera imvi.

Ntchito yawo ndi kugonetsa nyama pa opaleshoni, kutsuka mabala ndi kuletsa ululu. Koma nkhumbazo si zawo. Iliyonse ili ndi mwini kafukufuku, ndipo palibe mankhwala angalowe m'thupi mwake iye asanavomere.

Chaka china panali nkhumba yaikazi, yoyera mbee, imene tinkaitcha Dubu ngakhale sitiloledwa kutcha nyama mayina. Akatswiri ataiika kachipangizo mumtima, bala la pachifuwa linatukusira. Linayamba kutuluka mafinya, thupi linatentha, nkhumba inasiya kudya. Inkangogona chammbali, ikupumira m'mwamba.

A Pyo anapita kwa mwini kafukufukuyo, Pulofesa Namgung, ine ndili pambuyo ndi ndowa yanga.

"A pulofesa, mankhwala mwandilolawa sakugwira. Ndiloleni ndiibaye ena amphamvu aja."

"Amphamvuwo amasokoneza magazi, a dokotala. Tikatero zotsatira zonse zaonongeka."

"Ndiye ife tizingoiyang'ana?"

A pulofesa anavula magalasi n'kutikita m'maso. Sanali munthu woipa. "Ikafika posapiririka, muigonetse ipume. Zimenezo ndakulolani. Zinazo ayi."

Tinabwerera kukhola. Chimene chinatsala ndi manja basi. A Pyo ankagwada pasimenti, kufinya mafinya, kutsuka balalo ndi madzi amchere, kumanga, madzulo kumasulanso. Ine ndinkaphika mbatata n'kuikanya, iwo n'kumaika m'kamwa mwa Dubu ndi zala. Nthawi zambiri inkalavula. Mawondo a mayiwa anatupa mpaka ankadzuka chogwira khoma.

Kumalo odyera, mayi Bong ophika sankatisiya. "A dokotala, lero ndakazinga nkhumba ya tsabola. Ndikuikireni m'bale wake wa wodwala wanu?"

"Iii, mayi inu, pakamwa panu mpofunika kusoka," anatero a Pyo. Anaseka pang'ono, koma anatenga mpunga ndi msuzi wa masamba okha.

Sabata yachitatu ndinafika m'mawa n'kupeza Dubu itaima, ikukankha chodyeramo ndi mphuno. Ndinathamangira ku ofesi. "A dokotala, bwerani mudzaone mwana wanu akuchita mwano!" Anabwera akutsimphina, naiona ikumeza mbatata ngati yabedwa. Anangoti, "Wachita bwino, iwe." Bala linauma, ubweya unamera. Ikamva mapazi awo inkalira kuchokera kumapeto kwa khola.

Tonse tinkadziwa chimene chinali kutsogolo, koma palibe ankachitchula. Kafukufuku akatha, mtima umayenera kuchotsedwa kuti akatswiri aone mmene kachipangizo kakhalira mkatimo. Masamba atayamba kufiira m'mapiri, tsikulo linakwana.

A Pyo anapitanso kwa a pulofesa. "Iyi yokha. Mchimwene wanga ali ndi malo kumudzi, angaisunge."

"Ndikanakonda," anayankha a pulofesa motsitsa mawu. "Koma mtima umene wapirira matenda otere ndi umene tikuufuna kwambiri. Kuli ana m'zipatala akudikira kachipangizoka. Komanso nyama ya muno siituluka pageti, mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Ndiuze wina abaye?"

"Ayi. Wina imuopa."

Ine ndinaigwira mutu, ndikuikanda kuseri kwa khutu. Dubu inkanunkhiza m'thumba la a Pyo kufuna mbatata, koma tsiku limenelo siinkaloledwa kudya. A Pyo anaibaya jakisoni pakhosi, miyendo inafooka, inagona. Anaika dzanja pachifuwa, pa chipsera chija, mpaka anyamata a ku opaleshoni anabwera ndi ngolo.

Tikusamba m'manja ndinawafunsa, "Achemwali, bwanji osakatsegula chipatala cha agalu m'tauni? Odwala akumeneko amabwerera kwawo."

"Ndimaganiza zimenezo chaka chilichonse," anatero. "Ndiye ndimati, ndikachoka, nkhumbazi zichepa? Zibwerabe, Ok-bun."

Patapita miyezi a pulofesa anabwera okha kudzatiuza kuti mtima uja unali bwino kwambiri, kafukufuku apitirira. Anawerama kuthokoza. A Pyo nawo anawerama.

Adakalipo mpaka lero. Mawondo aja sanachire, moti masiku ano akamagwada m'khola ndimawayalira thumba la chakudya, ndipo podzuka amandigwira phewa.