Nambala Inali Yawo, Foni Inali kwa Alamu Anga

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga. Ndati ndikuuzeni inu owerenga, poti nkhope yanga simuidziwa.

Nditatenga satifiketi ya zamakompyuta ndinapeza ntchito pa kakampani kogulitsa intaneti ya wayifayi cha ku Nkope. Munthu amagula vocha n'kulowa ndi nambala ya foni yake, ndipo makina athu amasunga zonse, nambalayo, nthawi imene walowa, ngakhale masamba amene watsegula. Makasitomala ambiri sadziwa zimenezi. Ifenso sitiwauza.

Tsiku lina kunabwera apolisi awiri ndi chikalata cha kukhoti. Anati pali mtsikana amene akuopsezedwa kuti amuyalutsa ndi zithunzi, ndipo mauthengawo akudutsa pa wayifayi yathu. Abwana anali kutauni, anangondiuza pafoni kuti ndiwathandize. Ndinafufuza m'makina, mwana ali kumsana, nambala n'kutuluka. Inali ya Che Imedi, msodzi woyandikana nafe nyumba.

Amene mumakhala kunyanja mukudziwa kuti msodzi salowa m'madzi ndi foni. Amaisiya potchajitsa, yosakiya n'komwe, n'kudzaitenga akatuluka. Che Imedi satha kulemba. Vocha ndinkawalowetsera ndine kuti aziyankhula ndi mwana wawo wa ku Joni. Ndipo foni yawo inkatsala pa shopu ya alamu anga, achimwene awo a amuna anga, eni nyumba imene tikukhalamo.

Wapolisi wamkuluyo anandifunsa mwaulemu ndithu: "Mayi, mukutsimikiza kuti mwini nambalayi ndi amene ankalemba?"

Ndinaganiza za nyumba ija, ndi komwe ndingalowere ndi khanda atandithamangitsa. Ndinangoti, "Ine ndikuona zimene makina akunena." Sindinaname, koma zimene ndinkadziwa sindinanene.

Che Imedi anawatengera padoko akusoka ukonde, anthu akuona. Anatuluka pabelo, koma malo awo m'boti anapeza atapatsidwa wina. Amuna anga akuti kumzikiti masiku ano amakhala kumbuyo, ndipo amatuluka anzawo asanayambe kupatsana moni.

Akazi awo amabwerabe kwathu kudzandigwirira mwana ndikamachapa. Dzana lomweli anandifunsa: "Amake Shakira, inu munaphunzira, kodi makina amenewa salakwitsa?" Ndinati kaya. Manja anga anangopitiriza kuchapa.

Sindilira ayi. Ndimadzuka, ndimayamwitsa, ndimakagulitsa mavocha. Alamu anga ndimawapatsa moni mogwada ngati kale. Kaya ndi iwo, kaya ndi wina amene anagwira foniyo pashopupo, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikanatsegula pakamwa, apolisi akanakafunsa kumeneko.

Inu owerenga, foni yanu musamaisiye kwa munthu musanaikiye, chifukwa chilichonse chochitidwa pamenepo chimalembedwa m'dzina lanu. Ndipo inu ogwira ntchito ngati yangayi, makina amadziwa nambala, sadziwa amene wagwira foni. Apolisi akabwera ndi chikalata apatseni zimene akufuna, koma muwauzenso zimene makina sakuona.

Mlandu wa Che Imedi ukalowanso m'khoti posachedwapa. Kupolisi si kutali, ndimadutsapo popita kusikelo ndi Shakira. Ndiuzeni inu, ndinalakwa kusungira mwana wanga pogona?